Kulira Kawiri kwa Lamya ya a Bobini

A Bobini ndi ine tagawana khoma limodzi kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Nyumba zathu ndi zija zomangidwa mumzere, zogundana, zoti wina akatsokomola uku mnzake amafunafuna mankhwala uko. Dzina la Bobini, kachitsulo kokulungapo ulusi m'makina osokera, anawapatsa ndi atelala, poti ndi munthu wamfupi, wathupi lozungulira, ndipo akakhala pa ntchito sakhazikika malo amodzi. Amakonza makina osokera. Ntchitoyi anaiyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi m'shopu ya bambo wina wosaseka, amene ankawakwapula zala ndi lamba wa makina akaika singano mopotoka. Pano adutsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo singano amaiika osayang'ana.

Chipinda chawo chakutsogolo ndiye shopu. Pa mashelefu pali mitu ya makina imene eni ake anaiwala kudzatenga, ndi zitini za mkaka zodzaza masikuluwu, masipuling'i ndi mashatulo akale. Ponseponse pamanunkha oyilo. Munthu akabwera ndi makina, a Bobini sawagwira msanga. Amamuuza kuti asoke kaye kansalu, iwo atatsinzina, mutu atapendeketsa. Kenako amati, "Mano a pansi okoka nsalu adyeka mbali imodzi," ndipo akatsegula amapeza zilidi choncho. Akamaliza amamata kapepala kunsi kwa makinawo, kolembedwa nambala ya lamya ya m'nyumba mwawo. Timapepalato tili m'nyumba zambirimbiri.

Lamyayo ndi yakale, yolemera, yamabatani akuluakulu ndi belu lachitsulo m'kati. Ili pa kashelefu kokhomedwa pakhoma lomwe timagawanali, choncho ikalira kwawo imalira ndi kwanga komwe. M'mawa uliwonse sikisi koloko inkalira kawiri, n'kusiya. Kenako ndinkamva masilipasi, mabatani akudinidwa, kachete pang'ono, basi lamya n'kuikidwa pansi. Mawu a munthu, ayi.

Kwa nthawi yaitali ndinkayesa kuti ndi vuto la mawaya. Amene anandimasulira ndi malemu akazi awo, tsiku lina tikuyanika zovala, aliyense mbali yake ya mpanda.

"Ndi alamu anga amenewo, aneba. Akunena kuti adzuka."

"Osayankhula?"

"Ayankhule ndi ndani? Ndi mlongo wawoyu? Awiriwa mitu yawo ndi ya mwala umodzi, anangouswa pakati."

Nkhani yake inali yotere. Amayi awo a mnzangayu atayamba kudwala, ankakhala ndi mwana wawo wamkulu, achemwali awo a Bobini, amene anali mphunzitsi ndipo sanakwatiwepo. Nyumba yawo ili kutsidya lina la mzinda, ulendo wa mabasi awiri. Mlongo ndi mlongo anapangana kuti lamya ikalira kawiri m'mawa ndiye kuti wodwala wagona bwino, ndipo a Bobini aziyankha chimodzimodzi. Ikapitirira kawiri, anyamule, zavuta. Pa zaka zitatu za matendawo inapitirira tsiku limodzi lokha.

Maliro atatha, achemwali anatsala okha m'nyumbamo ndipo sanasiye kuimba. Mkangano unadza chaka chotsatira. Amayiwo anasiya makina apamanja, opukusa, amene anasokera zovala zonse zomwe ana awo anavala ali aang'ono. Anagwirizana kuti makinawo akhale a achemwali, koma ayambe apita kwa a Bobini kukathiridwa oyilo. Ali komweko kunabwera telala wina, thukuta lili kamukamu, shatulo yonyamula ulusi wapansi itasweka zovala za ukwati zili pakati. Shatulo ya mtundu umenewo inali itasiya kupezeka. A Bobini anayang'ana pa shelefu n'kunena mumtima kuti ndingobwereka, ndidzabweza. Mwezi wina anabwereka sipuling'i. Kenako mano a pansi. Tsiku limene achemwali anabwera kudzatenga makina awo, anapukusa chogwirira ndipo chinangozungulira, singano ili phee.

"Wawadya amayi pang'onopang'ono ngati chiswe," anatero. "Mawu anga sudzawamvanso."

M'mawa mwake, sikisi koloko, lamya inalira kawiri. A Bobini anayankha kawiri. Papita zaka zisanu ndi zinayi, ndipo achemwali asunga mawu awo ndendende. Ngakhale pa maliro a alamu awo anabwera, anakhala, anagwira dzanja mlongo wawo, osatsegula pakamwa.

Chaka chino, mvula itangotha, kunabwera kalata yochokera ku kampani ya lamya. Inati mawaya a mumsewu mwathu akalamba ndipo m'tsogolo muno adzachotsedwa. Ofuna akhoza kusamukira pompano ku lamya yoyendera intaneti. Osafuna akhoza kudikira, koma waya ukaduka okonza azichedwa kufika. A Bobini anaiwerenga kasanu, anaipinda, n'kuiika m'thumba la ovololo, mmene inakhala mpaka inada ndi oyilo.

Mzime wawo amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ndipo amabwera Loweruka lililonse ndi zipatso ndi malangizo. Ndi iye amene anawalowetsera intaneti m'nyumba zaka ziwiri zapitazo, kuti azionana ndi adzukulu pa foni ya m'manja imene a Bobini amaisunga m'kabati ili yozima. Kalatayo anaipeza pofuna kuchapa ovololo. Ndinali pomwepo, ndikudikira kuti andinolere sizasi.

"Bambo, nanga izi mukubisiranji? Nkhani yabwino iyi. Intaneti muli nayo kale, angotipatsa kabokosi basi."

"Nambala yanga ili kunsi kwa makina a anthu. Ndiyende nyumba ndi nyumba kumatula timapepala?"

"Nambala sisintha. Onani apa, alemba."

"Magetsi akazima?"

"Kali ndi batire."

"Batire imatha."

"Waya nawonso umatha, Bambo, si ndiye nkhani yake? Sabata yatha ndakuimbirani, ndimangomva ngati mukukazinga mazira."

"Ndimakazingadi."

"Inu amene dokotala anakuletsani mazira?" Anatembenukira kwa ine. "Aneba, tawauzani anzanuwa."

Ndinati sizasi yanga yathwa mokwanira, ndipo ndinabwerera kwanga.

Chifukwa chenicheni a Bobini sakanachitchula. Mzime ankadziwa kuti bambo ake ndi azakhali ake sayankhulana, ndipo ankayesa kuti pakati pawo palibe chilichonse chotsala. Akanadziwa za belu la m'mawa akanaitanitsa msonkhano wa banja, ndipo achemwali akanasiya kuimba tsiku lomwelo chifukwa cha manyazi. Mnzangayu ankaopa zimenezo kuposa china chilichonse. Belulo ndilo linali njira yokhayo yodziwira kuti mlongo wawo ali moyo.

Masiku otsatira sanali munthu amene ndimamudziwa. Anabweza makina a mayi wina osamanga lamba, mayiyo n'kubwera akudandaula. Tiyi ankamuiwala pawindo mpaka kuzizira. M'mawa ndinkawaona ataima mumsewu, manja kumbuyo, akuyang'ana waya wochokera pa polo kufika padenga lawo. Tsiku lina ndinaima nawo.

"Waya uwu ndimaudziwa," anatero. "Wadukapo kawiri. Ukaduka, umanyamula foni, muli zii, umadziwa kuti ndi waya. Achemwali nawonso uko akaimba amamva kuti njira yatsekeka, amadziwa kuti ndi waya. Palibe amene amaganiza zoipa. Nanga kabokosiko kakadwala, kamanena?"

"Ndiye khalani pa waya."

"Ndikhale. Udzaduke kachitatu, okonza abwere patatha mwezi. Mwezi, aneba. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ali yekha, bafa lake loterera."

Anakanda m'mutu ndi dzanja la oyilo, n'kulowa m'nyumba.

Lachitatu lina anandipempha kuti ndiwaperekeze ku ofesi ya kampaniyo. Tinatenga kapepala ka nambala, tinakhala pa mipando yolumikizana pafupifupi ola lathunthu. Itafika nthawi yathu, a Bobini anavula chipewa pamaso pa mayi wina wansangala amene anali kuseri kwa galasi.

"Ndimafuna kudziwa, mayi. Munthu akaimba uko, kuno imalira nthawi yomweyo?"

"Imamveka bwino kwambiri, bambo. Mawu ake ngati muli m'chipinda chimodzi."

"Za mawu ayi. Ndikunena kulira kwake."

"Foni yanu yomweyo mugwiritsa ntchito. Izilira mmene imalirira."

"Akaimba kawiri?"

"Aimbe ngakhale kakhumi, bambo, palibe choletsa."

Mayiyo anawonjezera kuti amapereka masabata awiri oyeserera, ndipo munthu akapanda kukhutira amabwerera pa waya. A Bobini anazunguza chipewa m'manja kwa kanthawi, kenako anasaina. Titatsala pang'ono kutsika m'basi, anandifunsa.

"Ndafunsa molakwika ndine, kapena ayankha molakwika ndiwo?"

Ndinati sindikudziwa.

Loweruka masana kampani inasamutsa nambala, ndipo mzime anabwera ndi kabokosi koyera, kosaposa chikhatho cha munthu. Anazula chingwe cha lamya pakhoma n'kuchilowetsa m'kabokosiko. Timagetsi titatu tobiriwira tinayaka. Anatuluka panja, anaimba ndi foni yake ya m'manja, n'kudikira mpaka bambo ake atanyamula.

"Mwaona?" anafuula ali pakhonde. "Ndikumva ngakhale kupuma kwanu! Mazira aja apsa!"

A Bobini anamwetulira pang'ono. Palibe mmodzi wa ife anaganiza zowerenga kuti yalira kangati mbali iyi ndi mbali iyo.

Lamlungu ndinadzuka nthawi yanga, n'kuteleka ketulo. Ndinazolowera kuthira madzi m'kapu belu likalira kuseri kwa khoma. Madzi anawira. Wotchi inafika sikisi, inadutsa. Ndinazimitsa moto n'kumvetsera. Patatha mphindi khumi ndinavala jekete.

Ndinawapeza ataima patsogolo pa kashelefu, atavala vesiti ndi buluku, nsapato imodzi kuphazi, inayo kumanja. Timagetsi tonse titatu tinali tikuyaka.

"Sinalire," anatero.

"Ndazindikira."

Ananyamula lamya n'kumvetsera. "Ikung'ung'udza bwinobwino. Ndiye kuti vuto si foni." Mawu awo anali aang'ono, ngati a munthu wina.

"Mwina agonereza."

"Achemwali? Munthu amene ankafika pasukulu mlonda asanatsegule geti?"

Anavala nsapato inayo, anaivulanso. Lamlungu mabasi amachedwa, ndipo ulendowo ukanawatengera ola limodzi ndi theka. Akanafika n'kupeza chitseko chokhoma, makiyi analibe. Anatsegula kabuku kawo ka manambala, anatembenuza masamba onse, n'kukatseka.

"Atelala okhaokha," anatero. "Zaka zisanu ndi zinayi, ndilibe ngakhale nambala ya munthu wokhala nawo mpanda umodzi."

Pa zaka zonsezo iwo anali asanayambepo kuimba. Ankangoyankha. Mphindi makumi awiri zitadutsa anadina mabatani, milomo ikuwerenga, kamodzi, kawiri, n'kuika pansi. Tinadikira. Kunja kunadutsa galimoto, kenako chete. Mwadzidzidzi belu linati ngi, kamodzi kosakwanira, ngati wina waligunda ndi chikhadabo, n'kusiya.

"Mwamva? N'chiyani chimenechi?" Anandigwira mkono. "Munthu wagwa, wakwawa, wafikira foni, mphamvu zamuthera. Si choncho?"

"Imbani," ndinatero. "Muisiye ilire."

"Ikapitirira kawiri ndiye kuti..."

"Ndikudziwa."

Anadinanso mabatani. Italira kachiwiri dzanja linayamba lokha kutsika, ndipo analigwira ndi linalo. Kachitatu. Kachinayi. Pa kachisanu ndi chiwiri wina ananyamula. Lamya yakaleyo imatulutsa mawu kwambiri, moti ndinamva zonse.

"Ndani ameneyo?" Anali mawu a mayi wokalamba, owuma. "Nenani, ndakhala kale pansi. Zachitika nthawi yanji?"

A Bobini anakanikiza lamya pakhutu, mayiyo n'kupitiriza.

"Ndi iwe mzime? Bambo ako ali kuti, kunyumba kapena kuchipatala?"

"Ndine, achemwali."



"Iwe?"

"Ine."

"Nanga wafa ndani?"

"Palibe."

"Palibe! Ndiye ukuliziranji foni ngati kwagwa maliro? Mwana iwe, ukufuna undiphe? Ndaimba sikisi koloko, osayankha. Ndaimbanso, osayankha. Ndaimba kachitatu pompano. Ndavala nsapato, chikwama chili pamiyendo, ndimati ndikakwere basi."

"Kuno sinalire."

"Usandinamize. Ndamva ndekha ikulira."

"Inenso ndaimba kawiri posachedwapa."

"Kuno ayi."

"Ndasintha foni, achemwali. Ndi ya intaneti. Dzulo."

"Wasintha." Anapumira m'mwamba mpaka ine ndinamva. "Chizolowezi chako chomwecho, kugwiragwira za m'kati osauza eni ake."

A Bobini anatsinzina, n'kuzilandira. Kenako anayankhula ndi mawu amene amagwiritsa ntchito pouza telala kuti asoke kansalu.

"Taimbani tione. Musaike pansi mpaka ndinyamule. Muziwerenga."

Anaika lamya pansi ndipo tonse awiri tinaiyang'anitsitsa. Panadutsa nthawi yoti munthu n'kumanga chingwe cha nsapato. Italira, ananyamula pomwepo.

"Kangati?"

"Kanayi. Kwa iweko?"

"Kamodzi. Tabwerezani."

Ulendo wachiwiri kunali katatu. Apa zinadziwika. Kulira kumene woimba amamva si kulira kwa belu la kuno. Njira yatsopanoyi imayamba yamumvetsa woimbayo kulira kuti aleze mtima, pamene yokha ikufunafuna kofikira, ndipo nthawi yake sifanana. Achemwali ankaika pansi belu lisanagwedezeke. Sakanapangana ngakhale nambala ina, poti lero ndi kanayi, mawa katatu.

"Chichotse chinthucho," anatero achemwali. "Bwerera pa waya."

"Ndikhoza. Andipatsa masabata awiri. Koma wayawo akuuchotsa, achemwali. Chaka chino kapena chamawa."

Ndinamva ngati chikwama chikuikidwa patebulo.

"Kalata imeneyo inenso ndili nayo," anatero, mawu atatsika. "Miyezi iwiri tsopano, ili m'kabati ya mbale. Ndimati ndikasintha, iwe sudzamva."

A Bobini anafufuza mpando wa makasitomala ndi phazi, n'kukhala, chingwe cha lamya chitakokeka mpaka pothera.

"Ndiye titani?" anafunsa achemwali.

"Muziimba mpaka ndinyamule."

"Unyamule unene chiyani?"

"Ndizinena kuti ndadzuka."

"Mawu amodzi omwewo. Usawonjezere. Ine sindiziyankha, ndinalumbira."

"Mwayankhula kale, achemwali."

"Za lero sizowerengedwa. Ndimayesa ndikuyankhula ndi anthu onena za maliro."

Anaika pansi.

A Bobini anakhala pampandopo lamya ili pachifuwa. Patapita nthawi anandifunsa ngati m'ketulo yanga muli madzi otsala. Tikumwa tiyi, nkhope yawo inachitanso tsinya.

"Ndikanena, iwo n'kungokhala chete, ndidziwa bwanji kuti ali bwino?"

"Mumamva dzino lodyeka mutatsinzina," ndinatero. "Kupuma kwa munthu simulephera."

Sanakhutire. Tsiku lonselo sanakhudze makina.

Lolemba masilipasi anayamba kumveka faifi koloko, kupita uku ndi uku. Sikisi itakwana belu linalira kamodzi.

"Ndadzuka," ndinamva kuseri kwa khoma.

Ndinadikira kuti lamya iikidwe pansi. Sinaikidwe. Ndinathira madzi m'kapu, ndinavundula shuga. Kenako mawu awo anamvekanso.

"Ayi, ndi chimfine chabe. Ndikumwa. Eya, ndati ndikumwa, achemwali."

Loweruka mzime anabwera atakonzekera kukangana. Asanaike ndi chikwama pansi, bambo ake anamuuza kuti kabokosiko kakhale.

"Si ndinanena! Aneba, mwamva? Lembani tsikuli pa kalendala."

"Ndipo Loweruka likubwerali upite kwa azakhali ako," anatero a Bobini, maso ali pa makina. "Nawonso ali ndi kalata."

Mzime anayang'ana bambo ake, anayang'ana ine, n'kuyang'ananso bambo ake.

"Azakhali ati?"

"Uli nawo angati?"

"Mwadziwa bwanji kuti ali ndi kalata?"

"Andiuza."

"Akuuzani? Ndi pakamwa?"

"Upite m'mawa, masana amagona. Ati ubwere ndi kabokosi kotere, ukaike, koma china chilichonse cha m'nyumbamo usakhudze, poti ndiwe mwana wanga."